Kayezedwe kosakondera ka liwiro lolemba pa distributed storage, ngati pamwamba pake pakhala database

Ndaona ma graph ambiri anthu akuyerekeza ma sisitimu a distributed storage, osunga data pa makina angapo olumikizidwa pa netiweki, monga Ceph ndi DRBD, kaya Longhorn ndi GlusterFS, wina ma IOPS (kuchuluka kwa kuwerenga kapena kulemba pa sekondi) ali mmwamba mnzake ali pansi penipeni, kenako munthu nkugamula kuti wothamanga ndi uyu basi. Chimene chimandipweteka nchakuti nthawi zambiri awiriwo sanathamange mtunda umodzi. Wina amayankha kuti "ndalemba" data ikadali mu RAM, mnzake amayankha kuti "ndalemba" data itafika pa madisiki atatu a makina atatu osiyana. Mawu ndi amodzi koma lonjezo ndi losiyana, ndipo database imakhalira lonjezo limeneli. Ndiye nawu mndandanda wa mmene ine ndimayezera, muutsate mmene ulilimu chifukwa mukalumpha zoyambirira zotsatira zake zonse zimakhala zabodza.

Choyamba: "ndalemba" akutanthauza chani?

Musanayatse fio, pulogalamu yoyezera liwiro la disiki, tengani pepala, pa sisitimu iliyonse muyankhe funso limodzi: nthawi imene yauza database kuti zatheka, data ili kuti, ndipo pali makope angati amene angapulumuke magetsi atathima pompo?

Pa Ceph ya replica, client amatumiza kwa OSD (pulogalamu ya Ceph yoyang'anira disiki imodzi) wamkulu wa chidutswa cha data chimene akulembacho, iye nkutumiza kwa anzake, ndipo yankho limabwera onse atasunga. Mwachizolowezi makope amakhala 3, min_size (makope ochepetsetsa oti kulemba kupitirire) 2. Pa DRBD zimatengera protocol: A imayankha data ikalembedwa pa disiki ya pompo ndi kulowa mu buffer yotumizira ya TCP, B imadikira kuti ifike mu memory ya mnzake, C ndi imene imadikira madisiki a mbali zonse. Kuyerekeza DRBD protocol A ndi Ceph ya makope 3 ndi kuyerekeza munthu amene wangoponya kalata ndi munthu amene wadikira kuti olandira asayinire. Ikani C, makope akhale ofanana, kenako muziyankhula.

Erasure coding nayo imasokoneza anthu. 4+2, kutanthauza data yodulidwa zidutswa zinayi kuphatikiza ziwiri za parity zobwezeretsera zotayika, imapirira kufa kwa zidutswa ziwiri monga mmene makope 3 amachitira, ndipo imadya malo ka 1.5 mmalo mwa ka 3, koma mukasintha ka 8 KB pakati pa data nthawi zambiri imayenera kuwerenga kaye, kuwerengetsanso parity, nkulembanso. Kuyerekeza ndi kololedwa bola munene poyera kuti mwafananitsa chitetezo osati kalembedwe.

Kenako tsatirani njira yonse ya flush, lamulo loti data ichoke mu cache ikafike pa disiki penipeni, kuchokera mu database mpaka pa disiki, sitepe ndi sitepe, chifukwa paliponse pamene pali cache pakhoza kubisala bodza. Ngati muli mu VM ya QEMU onani cache mode ya disiki: none ndi writeback zimalemekeza flush, koma unsafe imangoitaya, VM ikapempha flush imayankhidwa kuti zatheka chonsecho palibe chachitika. Pa ZFS onani ngati wina sanaike sync=disabled. RAID controller ili ndi batire lamoyo kapena lidafa kalekale? Ndinakhalapo masiku awiri ndikufufuza chifukwa chimene sisitimu ina inkapambanira mnzake kutalitali pa makina ofanana, mpaka ndinatsegula XML ya VM nkupeza mzere umodzi, cache='unsafe', wotsala kuchokera pamene munthu ankafuna kuti install ithe msanga. Titausintha kusiyana kuja kunangosungunuka. Akanakhala kuti agula potengera graph ija, bwenzi ataika data ya anthu pamalo pamene commit, lonjezo la database loti data yasungidwa, sitanthauza kanthu.

Njira yachidule yogwirira bodza ndi masamu a pulayimale. Disiki yozungulira ya 7200 rpm imazungulira ka 120 pa sekondi, kuzungulira kumodzi ndi pafupifupi 8.3 ms. Ikakupatsani ma fsync (ma flush a fayilo) masauzande pa sekondi kuchokera ku thread imodzi, pali cache penapake imene ikuyankha mmalo mwa disiki, ifunefuneni mpaka muidziwe dzina lake komanso ngati ili ndi batire.

Chachiwiri: dziwani mmene database yanu imalembera

Database silemba ngati munthu wokopera mafilimu. Imalemba mitundu iwiri nthawi imodzi ndipo mitunduyi imafuna zinthu zosiyana.

Woyamba ndi log, WAL pa PostgreSQL, redo log ndi binlog pa MySQL. Izi ndi tizidutswa tating'ono tolembedwa motsatana, ndipo pa commit iliyonse database imaima nkudikira flush. Apa chofunika ndi latency, nthawi yodikira yankho la kulemba kumodzi, basi. Ngati flush imodzi ikutenga 2 ms, connection imodzi singapose ma commit 500 pa sekondi olo cluster yanu itakhala ndi madisiki 200. Ma connection akachuluka group commit imathandiza, ma commit angapo amakwera flush imodzi, koma aliyense wa iwo amadikirabe 2 ms ija.

Wachiwiri ndi ma page a data enieni, 8 KB pa PostgreSQL, 16 KB pa InnoDB, amene amalembedwa momwazikana, ambiri nthawi imodzi, makamaka pa checkpoint, pamene database imakhuthulira pa disiki ma page osinthidwa amene anali mu memory. Ma database a LSM monga RocksDB ndi Cassandra ndi ena: amalemba mafayilo akuluakulu motsatana, kenako compaction imawawerenga nkuwalembanso kumbuyo uku ntchito ikuyenda.

Ndiye dd ya bs=1M kuchokera ku /dev/zero, kaya rados bench imene mwachizolowezi imalemba ma object a 4 MB, 16 nthawi imodzi, zimakuuzani kukula kwa msewu osati nthawi imene commit imodzi idikire. Komanso ma zero amapanikizika mpaka kutheratu ngati storage ili ndi compression, mumakhala mukuyeza mpweya.

Onaninso zosankha za database yeniyeniyo zikhale zofanana mbali zonse: fsync ndi synchronous_commit zikhale on, innodb_flush_log_at_trx_commit=1 ndi sync_binlog=1. Cassandra mwachizolowezi imachita sync ya commitlog pa masekondi 10 alionse osati pa kulemba kulikonse, ndiye mukaigwiritsa ntchito poyeza storage osasintha zimenezi, latency ya flush simuiona nkomwe.

Chachitatu: bwalo likhale limodzi, ndipo muyeze pansi pake kaye

Makina omwewo, madisiki omwewo, switch yomweyo, kernel ndi filesystem zomwezo, ndipo makina opanga katundu wa mayeso akhale apadera asamalimbirane CPU ndi storage, pokhapokha ngati mu production zidzakhalanso pamodzi. Ngati makina ndi ochepa yezani sisitimu imodzi, fufutani, ikani inayo pomwepo.

Musanaike chilichonse yezani zinthu zili zokha. ping pakati pa ma node onse, iperf3 kuti mudziwe netiweki ikunyamula zingati, kenako fio pa disiki imodzi yokha popanda storage ili yonse pamwamba. Manambala amenewa ndiwo denga lanu. Sisitimu yokopera pa netiweki ikaonetsa latency yochepa kuposa ping kuphatikiza flush ya disiki imodzi, bwererani ku sitepe yoyamba chifukwa sikudikira anzake.

Za ma SSD ndikhalepo pang'ono. Ma SSD a mu data center amakhala ndi ma capacitor oteteza data magetsi akathima, choncho amatha kuyankha flush mwachangu data ikangofika mu memory yawo, ndipo sakunama. Ma SSD wamba a mu laputopu alibe, flush iliyonse amayenera kukalembadi mu flash, ndipo pamenepa ndi pamene amagwa kwambiri olo pa bokosi palembedwe nambala yaikulu bwanji. Mukasakaniza mitundu iwiriyi ndiye kuti mukuyeza madisiki osati Ceph kapena DRBD. CPU governor nayo ikhale imodzi paliponse, chifukwa CPU ikamagona nkumadzuka pa request iliyonse zimaoneka pa latency ya iodepth 1, pamene ma request amatumizidwa imodzi imodzi (iodepth ndi chiwerengero cha ma request amene ali pa mzere nthawi imodzi).

Chachinayi: itopetseni kaye

Disiki yatsopano imathamanga ngati mwana wongodzuka kumene. SSD yopanda kanthu ili ndi ma block ambiri oyera, garbage collection sinayambe, ndipo ma SSD ambiri wamba ali ndi kachigawo ka SLC kothamanga kamene kakadzaza liwiro limatsika mwadzidzidzi. Ndondomeko ya bungwe la SNIA yoyezera ma SSD imati mulembe kaye kawiri kukula kwa disiki yonse, kenako muziyeza mobwereza mpaka manambala atakhazikika, ndi pomwe muyambe kulemba zotsatira. Si nonse mungakhale ndi nthawi yotsata zonsezo koma mfundo yake musaisiye: lembani mpaka graph itagona.

Volume nayo idzazeni. Ma volume ambiri ndi thin, malo amaperekedwa pa kulemba koyamba, mwachitsanzo RBD ya Ceph imaduladula image mu ma object a 4 MB amene amalengedwa mukawakhudza koyamba. Kulemba koyamba ndi kulemba kobwereza pamalo omwewo zimasiyana liwiro, ndipo database imene yakhala chaka ikugwira ntchito nthawi zambiri imalemba pamalo akale. Mukayeza wina ali wodzaza mnzake ali watsopano mwakondera, kaya mwakondera uti.

Pa cloud samalani ndi burst. Volume ya gp2 pa AWS imapereka ma IOPS 3 pa GB iliyonse, koma yaing'ono imatha kukwera mpaka 3000 pogwiritsa ntchito ma credit okwana 5.4 miliyoni amene imayamba nawo, omwe amatha pakadutsa mphindi 30 ndi pang'ono mukaikakamiza. Mayeso a mphindi zisanu akuonetsani volume ina, ya Lolemba mmawa ntchito itachuluka idzakhala inanso.

Chachisanu: tsopano fio

fio ya Jens Axboe ndi imene pafupifupi aliyense amagwiritsa ntchito, ndipo ubwino wake ndi woti mnzanu atha kubwereza ndendende zimene mwachita. Yambani ndi kutsanzira log:

fio --name=wal --filename=/mnt/test/wal.dat --size=4G --overwrite=1 --rw=write --bs=8k --ioengine=sync --fdatasync=1 --numjobs=1 --time_based --runtime=600 --ramp_time=60

Chofunika kwambiri pamzerewu ndi --fdatasync=1. Anthu ambiri amaika --direct=1 nkumaganiza kuti zakwana, ayi. direct imangolambalala page cache ya Linux, siikakamiza disiki kapena storage kuti ikhuthule cache yake. Ndaika --overwrite=1 kuti fayilo ikhale italembedwa kale, chifukwa PostgreSQL nayo imagwiritsanso ntchito mafayilo akale a WAL a 16 MB mmalo momangokulitsa fayilo. Mu zotsatira musangoyang'ana clat (nthawi imene kulembako kwatenga kuti kuthe), pitani pa gawo la fsync/fdatasync, nthawi yambiri yodikira ili pamenepo. Opanga database ya etcd amagwiritsa ntchito mayeso ofanana ndi amenewa, bs=2300, ndipo amati 99th percentile (p99, nthawi imene 99 mwa 100 alionse saipitirira) ya fdatasync ikhale pansi pa 10 ms. pg_test_fsync imene imabwera ndi PostgreSQL ndi yabwino potsimikiza kuti nambala ya fio ikumveka.

Kenako ma page:

fio --name=pages --filename=/mnt/test/data.dat --size=200G --rw=randwrite --bs=8k --ioengine=libaio --direct=1 --iodepth=16 --numjobs=4 --group_reporting --refill_buffers --time_based --runtime=1800

size ikhale yoposa RAM ndi ma cache onse a mnjira muno, apo ayi mukuyeza memory. --refill_buffers ndi yoti data isamangobwerezeka, ndipo ngati data yanu yeniyeni imapanikizika ikani --buffer_compress_percentage mofanana mbali zonse. Musaime pa iodepth imodzi, yendani 1, 4, 16, 64 ndipo pa iliyonse mulembe IOPS pamodzi ndi latency yake. Sisitimu yogawikana imakonda mzere wautali chifukwa imamwaza ntchito pa madisiki ambiri, ndiye pa 128 imaoneka ngati mkango pomwe pa 1 ikukwawa, zonse ziwiri ndi zoona ndipo owerenga ayenera kuziona zonse.

Mayeso amene ine ndimawakhulupirira kwambiri ndi achitatu: thamangitsani ziwirizi nthawi imodzi pa volume imodzi, nkuyang'ana mmene latency ya log yasinthira. Izi ndi zimene zimachitika pa checkpoint, ka commit kakang'ono kaima pa mzere kumbuyo kwa ma page masauzande. Pali ma sisitimu amene payekhapayekha amaoneka ofanana koma apa amasiyana kutali.

Chachisanu ndi chimodzi: ikanipo database yeniyeni

fio ndi chithunzi chabe. Ikani PostgreSQL ndi chida chake choyezera, pgbench, kaya MySQL ndi sysbench oltp_write_only, kaya YCSB ngati ndi ma key-value. Pa pgbench scale 1 ndi mizere 100,000 mu pgbench_accounts, pafupifupi 15 MB, ndiye werengetsani kuti data ipose RAM. Komanso scale isachepere chiwerengero cha ma client, chifukwa pgbench_branches imakhala ndi mizere yofanana ndi scale, ikachepa ma client amangolimbirana mzere umodzi ndipo mukuyeza ma lock osati storage.

Nthawi ikhale yaitali. checkpoint_timeout mwachizolowezi ndi mphindi 5, ndipo checkpoint ikangoyamba full_page_writes imapangitsa kuti page iliyonse yosinthidwa koyamba ilembedwe yathunthu mu WAL, ndiye kulemba kumakwera kenako nkumatsika ngati mano a sowo. Mayeso a masekondi 60 akhoza kugwera pamalo abwino okhaokha kapena oipa okhaokha. Ola limodzi ndi poyambira pabwino, ndipo ikani -P 10 kuti muziona mmene zikuyendera mkati.

Chachisanu ndi chiwiri: kawerengedwe ka manambala

Average imabisa zinthu. Ngati ma commit 99 atenga 1 ms koma limodzi latenga sekondi yathunthu, average ikuuzani 11 ms, nambala imene palibe commit olo imodzi inaiona, pomwe munthu mmodzi uja waona tsamba litauma. Lembani p50, p99, p99.9 ndi max.

Palinso msampha umene Gil Tene anautcha coordinated omission. Chida choyezera chimatumiza request, nkudikira yankho, nkutumizanso ina. Storage ikaima masekondi 5 chidacho nacho chimaima, ndiye mu zotsatira mumaoneka request imodzi yokha yochedwa, pomwe pa ntchito yeniyeni anthu sasiya kubwera, onse a mu masekondi asanuwo akanakhala pa mzere. Njira yake ndi kutumiza pa mlingo wokhazikika. pgbench -R imachita zimenezi ndipo imawerengera latency kuyambira nthawi imene transaction inayenera kuyamba. Funso labwino si "imafika pati ikakakamizidwa", koma "pa ma transaction 2000 pa sekondi amene ine ndikufuna, p99 ndi yotani?" Muikepo nambala yanu.

Bwerezani mayeso alionse katatu kapena kuposa, mosinthanitsa, A kenako B kenako A, osati A mmawa B usiku. Ngati kusiyana kwa A ndi B ndi kochepa kuposa kusiyana kwa A ndi A yemweyo, nenani kuti ndi ofanana, musakakamize wopambana. Uku mayeso akuyenda siyani iostat -x ndi top zikulemba pa ma node onse, muone ngati chadzaza ndi disiki, CPU kapena netiweki, nthawi zina chadzaza ndi makina opanga katundu aja. Ndipo CPU ndi RAM zimene storage yadya zilembedwe pambali pa IOPS, ndi mtengo umenewo.

Za tuning: mukakhala sabata mukukonza sisitimu imene mumaidziwa, inayo nkuisiya mmene inabwerera, mwayeza luso lanu. Kaya zonse zikhale pa default, kaya zonse zilandire khama lofanana, ndipo ngati nkotheka pemphani munthu amene amaidziwa bwino inayo aone config yanu musanatulutse zotsatira. Koma kusiyana kwa kamangidwe musakufufute, DRBD imatha kukhala ndi kope limodzi pa makina omwe pali database pomwe Ceph imadutsa pa netiweki kawiri, chimenecho si chinyengo, ndi mmene zinapangidwira, ingofotokozani.

Chomaliza: iphani node, kenako zulani pulagi

Distributed storage timaigula chifukwa cha tsiku loipa, ndiye kuiyeza pa tsiku labwino lokha ndi theka la ntchito. pgbench ili mkati pa mlingo wokhazikika uja, zimitsani node imodzi mwankhanza. Lembani masekondi amene kulemba kunaima, kenako latency pamene makope akumangidwanso. Pa Ceph dikirani ndithu, chifukwa mwachizolowezi OSD yakufa imachotsedwa pakadutsa masekondi 600, ndipo kusamutsa data kwenikweni kumayamba pamenepo, mukasiya pa mphindi zisanu simunaone kalikonse. Yezaninso pamene deep scrub (Ceph ikuwerenganso data kuti ione ngati yawonongeka) ikuyenda komanso volume ili ndi snapshot, poti mu production zimenezi zizichitika kaya mufune kaya musafune.

Kenako tsimikizani lonjezo lija la pa sitepe yoyamba. Lembani ka script kakang'ono: kaziika mzere wokhala ndi nambala yotsatana mu database, commit ikabwera bwino kazilemba nambalayo mu fayilo pa makina ena apadera. Kali mkati, zulani magetsi a makina a database ndi a storage. Osati reboot, osati kill -9, zimenezo zimasiya cache ya disiki ili moyo, ndikunena kuzula chingwe kapena kuthimitsa kudzera pa IPMI, njira yolamulira magetsi a makina muli kutali. Zikayaka yerekezani fayilo ija ndi zimene zili mu tebulo. diskchecker.pl ya Brad Fitzpatrick imagwira ntchito yomweyi pa disiki ngati simukufuna kulemba yanu. Chitani kangapo chifukwa kamodzi mutha kungochita mwayi. Nambala iliyonse imene ili mu fayilo koma mu tebulo mulibe ndi commit imene munthu anauzidwa kuti yatheka koma yasowa, ndipo sisitimu imeneyo ndimaichotsa pa graph mpaka nditapeza cache imene yanama.

Potulutsa zotsatira ikani zonse: ma version, mtundu wa madisiki, liwiro la netiweki, chiwerengero cha makope, cache mode, mount options, mafayilo a fio, config ya database, nthawi imene munadzaza volume, ndi zotsatira zosaphika za --output-format=json osati chithunzi cha graph chokha. Pamwamba penipeni, manambala asanayambe, pakhale mzere umodzi pa sisitimu iliyonse wonena kuti ikati "ndalemba" data imakhala ili pa madisiki angati, komanso kuti munazula pulagi kangati ndipo panasowa mizere ingati.